Kalata Imene Inagawanitsa Banja la a Namgung

1

Kwa zaka zitatu amuna anga sanapatsane moni ndi mlamu wawo. Wina akalowa m'nyumba, wina ankatulukira khomo lina. Abale onse ankati akudziwa chimene chinayambitsa udaniwo, koma sankadziwa. Ndatopa kuisunga nkhaniyi, n'chifukwa chake ndikukulemberani.

Dzina langa ndine Pyeon Mi-ryeong, ndimakhala ku Daejeon. Ntchito imene ndinaphunzira ndi yofufuza nyenyezi zophulika, zimene zikafika pamapeto a moyo wake zimawala kwa masabata angapo kuposa mlalang'amba wonse. Ku yunivesite tinali atatu m'kachipinda kamodzi ka ophunzira: ine, a Namgung Tae-sik amene ndinadzakwatiwa nawo, ndi mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo, Bong Jae-hak. Pa ukwati wathu Jae-hak anaona Seon-ju, mlongo wawo wa amuna anga, ndipo patangotha zaka ziwiri anamukwatira. Ubwenzi unasanduka chibale.

Udokotala tinamaliza chaka chimodzi tonse atatu. Kafukufuku amene analandira mphoto chaka chimenecho anali wanga. Sindikudzitama, ndikungofuna mumvetse zimene zikubwerazi.

Amuna anga anapeza upulofesa kuno ku Daejeon. Jae-hak anapeza malo ku Daegu. Ine ndinabereka mwana wathu So-yul, ndipo nditabwerera ndinapeza zitseko zonse zili zotseka. Ndinakhala mphunzitsi waganyu, wothamanga ndi basi pakati pa mayunivesite atatu, wopanda ofesi, wosungira mabuku m'chikwama. Ndinafunsira ntchito yokhazikika kakhumi ndi kamodzi. Tsiku lina mkulu wina wa komiti anavula magalasi n'kundifunsa mokoma mtima kwambiri:

"A Pyeon, amuna anu ali kale pa ntchito yabwino. Kodi si bwino malowa apite kwa munthu amene ali ndi banja loti adyetse?"

Ndinawerama, ndinathokoza, ndinakalirira m'chimbudzi cha pa siteshoni.

2

Chaka chimene zonsezi zinayamba, m'mwezi wa Malichi, nyenyezi ina inaphulika mu mlalang'amba wapafupi. Aliyense wa ntchito yathu analoza makina ake kumeneko. Amuna anga anachita zosiyana: anabwerera ku zithunzi zakale za malo omwewo, zojambulidwa nyenyeziyo isanaphulike.

Lamlungu lina m'mawa anandiitana.

"Mayi a So-yul, siya mbalezo, tabwera uone."

Pa kompyuta panali kadontho kotuwa, kosaoneka bwino.

"Masiku makumi anayi isanaphulike," anatero. "Inatsokomola kaye. Nyenyezi za mtundu umenewu palibe amene anazionapo zikuchenjeza. Mabuku onse alembedwanso."

Ndinasangalala nawo kuchokera pansi pa mtima. Ndinapempha zithunzizo kuti nanenso ndizione, ndipo anandipatsa ngati mmene umapatsira mwana foni kuti asewere nayo. Ndinakhala nazo masiku awiri, m'basi ndi pakati pa makalasi. Ndinapeza chinthu chimene sichinandisangalatse.

Ndinadikira nthawi ya chakudya chamadzulo.

"Bambo a So-yul, kadontho kaja kali ndi vuto. Mukayang'ana zithunzi zimene…"

"Ndinaziona kale zonsezo."

"Simunamve n'komwe chimene ndikufuna kunena."

Anaika timitengo todyera pansi, akumwetulira.

"Mi-ryeong, watha zaka zisanu ndi ziwiri ukuphunzitsa ana a chaka choyamba kuti dziko limazungulira dzuwa. Makamera anasintha. Usadzivute, ndiwonjezere msuzi."

Ndinawawonjezera msuzi. Mawa lake ndinalemba maganizo anga pa masamba awiri n'kuwaika pa desiki lawo. Patatha sabata ndinawapeza masambawo m'chipinda cha So-yul. Bambo ake anamupatsa kuti azijambulapo, ndipo kuseri kwake kunali mphaka wa miyendo isanu.

3

Mu Meyi anatumiza pepala lawo ku magazini ina yaikulu ya kafukufuku ku Ulaya. Lamulo lake ndi lakuti mkonzi amapereka pepalalo kwa katswiri wina kuti aliunike, ndipo dzina la wounikayo silimaululidwa. Amuna anga anali atauza kale mkulu wa dipatimenti yawo, anali atagula suti yatsopano yokakumana nayo atolankhani.

Yankho linabwera patatha masabata asanu ndi limodzi, Loweruka m'mawa. Pepala linakanidwa. Kalata ya wounika inali ya masamba anayi.

Anaiwerenga ataimirira. Wounikayo anati kadonthoko kanaoneka pa zithunzi zitatu zokha mwa khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo zitatuzo zinajambulidwa kamera itatembenuzidwa mofanana. Chapambali panali nyenyezi ina yowala kwambiri, ndipo kuwala kwake kunkagunda galasi la m'kati mwa kamera n'kubwerera, n'kudzagwera pamalo pomwepo. Nyenyeziyo sinatsokomole. Inali kamera ikudziona yokha.

Anakhala pansi. Anawerenganso. Kenaka anati, motsitsa mawu:

"Uyu ndi Jae-hak."

"Bwanji mukutero?"

"Kamera imeneyi oidziwa m'kati mwake chonchi ndi angati? Iye anathandiza kuimanga."

"Alipo ena ku Japan, ku Chile…"

"Ayi. Ndinamuuza za kadontho kameneka pa foni, ananena kuti zikomo, n'zosangalatsa. Kumaso kuseka nane, kuseri kundibaya." Anapinda kalatayo kanayi n'kuiika m'thumba la malaya. "Akufuna woyamba kutulukira zimenezi adzakhale iyeyo."

Ndinatuluka m'chipindamo. So-yul anali kundiitana kuti ndikamupese.

4

Pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok tinapita tonse kwa apongozi ku Gongju. Mwambo wokumbukira makolo unatha bwino m'mawa. Ine ndi Seon-ju tinali kukhitchini, tikukazinga nsomba zoviika m'dzira, iye akundiuza za aphunzitsi a mwana wake. Amuna anali pabalaza ndi mowa wa mpunga. Apongozi aamuna, amene anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, ankanyadira kuti ali ndi mapulofesa awiri patebulo limodzi.

Tinamva mawu a Jae-hak: "Pepala lija lafika pati, achimwene?"

Titasuzumira, amuna anga anali atatulutsa kalata ija m'thumba. Anamuponyera pachifuwa.

"Ukundifunsa ine? Werenga wekha ntchito ya manja ako."

Jae-hak anaitola, anaiwongola, anaiwerenga yonse osafulumira. Atafika pa tsamba lachitatu anakweza maso kamodzi, kuyang'ana cha kukhitchini, n'kubwereranso pa pepala.

"Sindinalembe ine," anatero.

"Lumbira pamaso pa bambo."

"Ndanena kuti sindinalembe. Koma amene walembayo sanalakwitse."

Apo ndiye zinaipa. Amuna anga anagubuduza katebulo, mbale zinasweka, ana anayamba kulira. Seon-ju anathamanga ndi chipande m'manja.

"Achimwene, mwapenga? M'nyumba ya bambo?"

"Funsa mwamuna wakoyo. Njoka imene unabweretsa m'banja."

"Munaibweretsa ndinu, ine ndinaipeza pa ukwati wanu," anayankha Seon-ju, misozi ili chuchuchu.

Apongozi aamuna anangotola zidutswa za mbale chimodzichimodzi. Banja la a Bong linanyamuka chakudya chamasana chisanadyedwe. Ine ndinabwerera kukhitchini, nsomba zinali zitapserera.

5

Ndinkaganiza kuti zitha pakatha mwezi. Ndinkati mkwiyo wa amuna umatha ndi botolo limodzi. Ndinalakwitsa.

Amuna anga anaikhomera kalatayo pakhoma pamwamba pa desiki lawo. Anatha miyezi isanu ndi itatu akuyesa kuitsutsa. Anapempha nthawi pa makina a ku Chile, anabwerezanso masamu onse, anaonda. Mfundo iliyonse imene ankaikankha inkawabwerera. Kalatayo anailoweza pamtima ngati mwana wa sukulu.

Tsiku lina masana ndinawabweretsera tiyi, ndinawapeza akuiyang'ana.

"Ukudziwa chimene chimandiwawa?" anatero. "N'njolembedwa bwino. Palibe liwu lotayika. Mutu woterewu m'dziko muno ulipo umodzi wokha, ndipo uli ku Daegu."

Ndinaika kapu pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira.

"Samala, Mi-ryeong, pali mapepala apa."

Seon-ju ankandiimbira foni mobisa, pa nthawi yopuma ku famase, sitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito.

"Alamu, lankhulani nawo. Inu amakumverani."

"Sandimvera, Seon-ju."

"Ndiye ndani awauze? Ana akufunsa kuti So-yul anapita kuti."

M'chaka chachiwiri apongozi aamuna anadwala chiwindi. Kuchipatala tinkachita kugawana masiku kuti awiriwo asakumane. Lachinayi lina ndili ndekha nawo, anandigwira dzanja.

"Mayi a So-yul, iwe unaphunzira zimenezi. Tandiuza zoona. Mkamwini wanga anachitadi zimenezi kwa mwana wanga?"

"Sindikhulupirira kuti anachita, bambo."

"Sukhulupirira, kapena ukudziwa?"

Namwino analowa ndi mankhwala. Ndinadzuka kumupatsa malo, ndipo funsolo linathera pomwepo. Anamwalira patatha masabata atatu. Pa maliro, masiku onse atatu, amuna anga ndi Jae-hak anaima mbali ziwiri za chithunzi cha malemu, akulandira anthu odzapepesa, osayang'anana ngakhale kamodzi.

6

Kumapeto kwa chaka chachitatu Jae-hak anasindikiza pepala lake. Linali lofotokoza mmene kuwala kobwerera m'magalasi a kamera ija kumapusitsira ofufuza, ndi njira yokuzindikirira. Pepala lothandiza, lopanda dzina la munthu aliyense.

Amuna anga analibweretsa kunyumba ngati mlenje wobwera ndi nyama.

"Umboni uwu. Wounika saloledwa kugwiritsa ntchito zimene waona m'pepala la mnzake. Anandikana, kenaka wadyerapo."

"Munamuponyera nokha kalatayo pamaso pa anthu. Anawerenga pamenepo."

"Iwe uli mbali iti?"

Anakhala masiku anayi akulemba dandaulo lopita ku komiti ya mwambo ya yunivesite ya Jae-hak. Chaka chimenecho n'chimene Jae-hak ankaunikidwa kuti akhazikike pa ntchito mpaka kupuma. Dandaulo loterolo, ngakhale litadzapezeka labodza, likanamuimitsa zaka, mwinanso kumuchotseratu. Amuna anga anati alitumiza Lolemba.

Lachisanu ndinauza ophunzira anga kuti ndadwala. Ndinakwera sitima ya ku Daegu.

7

Tinakumana m'kalesitilanti ka zakudya za msuzi kuseri kwa yunivesite yake, nthawi ya nkhomaliro itadutsa. Tsitsi lake linali litayamba imvi. Ndinamuuza za dandaulolo. Anamvetsera akutakasa msuzi umene sanaulawe.

"Alitumize," anatero. "Komiti ikafunsa mkonzi, mkonzi adzanena kuti si ine."

"Ndipo akadzafunsa kuti nanga ndi ndani?"

"Mkonzi sadzaulula."

"Achimwene, pali chimene ndiyenera kukuuzani."

"Palibe chimene ungandiuze, Mi-ryeong." Anaika supuni pansi. "Tinakhala desiki limodzi zaka zisanu. Ndi munthu mmodzi yekha amene amayamba ndi kuyamikira, kenaka n'kuika mfundo yakupha pa nambala yachitatu, osati yoyamba. Ndinadziwa tsiku lomwe lija ku Gongju, ndisanamalize kuwerenga."

Inde, owerenga. Kalata ija ndinalemba ndine.

Ndinamufunsa: "Zaka zitatu. Bwanji simunanene?"

"Ndikananena, banja lako likanatha tsiku lomwelo. Ine ndikanataya mnzanga basi. Ndinaona kuti changa n'chopepuka."

"Seon-ju akudziwa?"

"Ayi."

Ndinayenera kumuthokoza, ndikudziwa. Koma chimene ndinamva chinali mkwiyo. Nayenso anandiganizira zochita osandifunsa, anandiika pambali ngati mbale yosachedwa kusweka. Ndinali wolakwa, wokhululukidwa ndisanapepese, ndipo sindinapeze ngakhale munthu woti ndimukalipire.

"Pepala lanu lija," ndinatero, "munayenera kuikapo dzina langa."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndinaliganizira. Ndikanalilemba pati?"

8

Zinachitika motere. Patatha masiku asanu amuna anga atatumiza pepala lawo, ndinalandira imelo ndili m'basi. Mkonzi wa ku Ulaya uja anali atawerenga kafukufuku wanga wakale wa kamera za mtundu umenewu, ndipo ankapempha Dokotala Pyeon kuti aunike pepala la Pulofesa Namgung. Kwathu kuno mkazi sasintha dzina akakwatiwa. Mzunguyo sakanadziwa kuti awiriwa amagona chipinda chimodzi.

Pansi pa imeloyo panali funso: kodi pali ubale uliwonse pakati pa inu ndi mlembi? Panali mabokosi awiri. Ndinadutsa masiteji atatu ndikuwayang'ana. Ndinadina pa ayi.

Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinachita zimenezi powateteza. Pepalalo likanasindikizidwa, atolankhani akanabwera, ndipo pakanatha chaka wina akanaulula cholakwikacho pamaso pa dziko lonse. Zimenezo n'zoona. Koma si zoona zonse. Ndikanatha kukana n'kumutsina khutu mkonziyo kuti ayang'ane mmene kamera inatembenukira. Ndikanatha kuwatsekera chitseko amuna anga mpaka atandimvera.

Zoona zake n'zakuti panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri munthu asanandifunse maganizo anga pa nyenyezi. Ndinalemba kalatayo m'laibulale ya yunivesite imene inandikana kawiri, ndipo masiku amenewo ndinali wamoyo kuposa nthawi ina iliyonse chibadwire So-yul. Masamba anayiwo anali masamba awiri omwe aja, amene mwana anajambulapo mphaka. Ndinangowatambasula n'kuwaika m'Chingelezi.

9

Loweruka m'mawa ndinamutumiza So-yul kwa mnzake. Amuna anga anali pa desiki, akukonza mawu omaliza a dandaulo lawo.

"Musatumize chimenecho."

"Takambirana kale."

"Jae-hak sanalembe kalata ija. Ndinalemba ndine."

Anatembenuka ndi mpando. Anandiyang'ana, kenaka anaseka. Kuseka kwenikweni, kogwira pamimba.

"Seon-ju wakutuma? Mwagwirizana kuti umuteteze?"

"Ndikunena zoona."

"Mi-ryeong, mtima wako ndi wabwino, koma pita ukapume."

Pa zonse zimene ndinaziganizira m'sitima, kumenyedwa, kuthamangitsidwa, kulira, ichi sindinachiganizire: kuti ndidzachita kuvutika kutsimikizira mlandu wanga womwe. Ndinaima pakati pa chipinda, nsana wanga uli ku khoma limene panali kalatayo, n'kuyamba kuinena mokweza, osaiyang'ana. Mfundo yoyamba. Yachiwiri. Pa yachitatu ndinawauza nambala imene ndinailakwitsa pang'ono, imene iwo sanaione m'zaka zitatu. Kenaka ndinatsegula foni n'kuwaonetsa imelo ya mkonzi.

Anaiwerenga nthawi yaitali. Kuseka kunali kutatha.

"Bambo anakufunsa," anatero. "Anandiuza kuti anakufunsa."

"Inde."

"Unali pomwepo ndikugubuduza tebulo. Unali pomwepo pa maliro."

"Inde."

"Bwanji sunangondiuza kuti kadonthoko kali ndi vuto?"

"Ndinakuuzani. Munati ndikuwonjezereni msuzi."

Anayesa kukumbukira, ndinaona pankhope pawo kuti akuyesadi. Sanakumbuke. Madzulo amene ine ndinawasenza zaka zitatu, kwa iwo sanachitike n'komwe.

Anadzuka, anatenga jekete. Pakhomo anaima.

"Nambala ija, unailakwitsa pati?"

"Pa tsamba lachitatu, mzere wachisanu ndi chimodzi. Sizisintha kanthu."

Anagwedeza mutu n'kutuluka.

10

Dandaulo silinatumizidwe. Amuna anga anakakhala m'chipinda cha alendo cha yunivesite yawo miyezi isanu. M'sabata yachiwiri anapita ku Daegu, anakagwada pabalaza pa mlongo wawo, chipumi pansi, pamaso pa ana. Jae-hak anawadzutsa. Akuti tsopano amaimbirana, koma za ntchito zokha.

Ine ndinalembera mkonzi uja n'kuulula kuti ndinanama. Anandiyankha ndi mizere itatu yaulemu kuti sadzandipemphanso kuunika pepala lililonse. Anthu a ntchito yathu ndi ochepa, nkhani inayenda. Nditafunsira ntchito kakhumi ndi kawiri, sanandiitane n'komwe kukayankha mafunso. Ndikadali m'mabasi.

Apongozi aakazi anangondifunsa kuti, "Mwana wanga, nkhani za m'nyumba bwanji osakambirana m'nyumba?" Ndinalibe mphamvu yowafotokozera.

Seon-ju ndi amene ndinkamuopa, ndipo ndinapita ndekha ku famase kwake. Anandisiya nditaima mpaka makasitomala onse atatuluka.

"Alamu, ine za nyenyezi sindizidziwa, ndipo sindikufuna kuzidziwa. Amene anali wolondola ndi amene analakwitsa, n'zanu zimenezo, anthu ophunzira. Ine ndikudziwa chimodzi. Bambo anamwalira akuganiza kuti mwina ndinakwatiwa ndi munthu woipa. Anandifunsa ngati amandisunga bwino. Pitani mukawauze inuyo."

"Seon-ju, pepa…"

"Osati kwa ine. Mukudziwa kumene ali."

Ndinapita Lachiwiri lotsatira. Phulusa la mtembo wa apongozi lili m'nyumba yosungira malemu kunja kwa Gongju, pa shelefu yachinayi, kuseri kwa kagalasi. Ndinawerama kawiri, ndinanena zonse mokweza, kuyambira pa imelo ya m'basi. Mayi wina amene ankakolopa anaima kumvetsera, kenaka anapitiriza ntchito yake. Ndinamutumizira uthenga Seon-ju kuti ndapita. Anauwerenga. Patha miyezi isanu ndi iwiri, sanayankhe.

Amuna anga anabwerera kunyumba chifukwa cha So-yul. Timakhala mwaulemu. Ndikayamba kulankhula tsopano amasiya chimene akuchita n'kumvetsera mpaka ndimalize, mosamala kwambiri, ngati munthu amene galu wa panyumba anamulumapo. Ndinafuna kwa zaka zambiri kuti azindimvera. Sindinkafuna kuti zidzakhale chonchi.

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu muli m'nyumba zimene mawu anu amagwera pansi osatoledwa. Sindikuuzani kuti mupirire, chifukwa ndinapirira ndipo mwaona chimene kupirirako kunabala. Sindikuuzaninso kuti muchite zimene ndinachita. Bodza langa pa bokosi la mkonzi linali la mphindi imodzi, ndipo mwina likanakhululukidwa. Chimene sichikhululukika ndi masiku oposa chikwi amene ndinadzuka, kuphika, kuperekeza mwana, ndikuona munthu wosalakwa akutukwanidwa m'malo mwanga, tsiku lililonse ndikunena kuti mawa. Ngati muli ndi chonena, chineneni ndi dzina lanu, mokweza, ngakhale tebulo ligubuduzike. Likagubuduzika tsiku loyamba, zosweka zimakhala mbale zokha.

Pa nkhani ya nyenyezi ija ndinali wolondola. Magulu awiri a ofufuza anatsimikiza pambuyo pake, ndipo palibe amene anatsutsapo. Ndakhala ndikufunafuna munthu mmodzi amene kulondola kwangako kunamuthandiza, ndipo mpaka lero sindinamupeze.